Tsiku Limene Amayi Anandibisa M'chigafa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinabwerezanso Sitandade 3. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, wamtali kuposa aliyense m'kalasi, moti tikaima pamzere m'mawa mutu wanga unkaonekera patali ngati chimanga chomera chokha m'munda wa mtedza. Tinkakhala pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Santhe. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, koma kumeneko ndinkangokumva m'nkhani za amayi. Abambo anabwera ku Kasungu pa lole ya matenanti ine ndili kumsana, ndipo kuyambira pamenepo moyo wathu unkayendera fodya: kufesa nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kusankha, kenako kudikira kuti bwana abwere kuchokera ku okushoni adzatiuze ngati tikhala kapena tisamuka.

Sukulu ndinkaikonda, ngakhale palibe amene ankakhulupirira zimenezi. Ndinkakonda nyimbo, ndinkakonda masamu a pakamwa, ndinkakonda nkhani zimene aphunzitsi athu a Mwale ankatiwerengera. Mdani wanga anali zilembo. Chilembo chimene ndachidziwa bwinobwino Lolemba, pofika pakati pa sabata chinkandiyang'ana ngati sitinakumanepo. Anzanga akaona mawu pa bolodi, pakamwa pawo pankangotseguka pokha. Ine ndinkayamba ndi chilembo choyamba, kulimbana nacho thukuta lili kamukamu, ndipo ndikafika pa chachitatu, choyamba chija chinali chitathawa kale.

Ndinapeza njira yanga. Wina akawerenga tsamba mokweza, ine ndinkalisunga lonse m'mutu, ndipo nthawi yanga ikakwana ndinkaimirira, buku m'manja, n'kulinena mopanda kuphonya. A Mwale anandigwira tsiku lina pamene anandiuza kuti ndiyambire pakati pa tsamba. Sindinathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi. Kalasi yonse inafa nalo phwete, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa la Edina linatha, ndinasanduka Agogo. "Agogo, mudzakwatiwa muli mu Sitandade 3," ankatero tiana tofika m'chiuno mwangamu. Ndinamenyapo angapo, sindikana. Koma munthu sungamenye sukulu yonse.

A Mwale sanali munthu wankhanza. Anali ndi ana osawerengeka pansi pa mtengo umodzi, ndipo anayesa zimene ankadziwa: kundigwaditsa, kundisesetsa bwalo, kundikhazika kutsogolo, kundilembetsa mzere umodzi mpaka dzanja kuuma. Amayi nawo anayesa zawo. Anapita nane ku chipatala kukayezetsa maso, ndipo anatiuza kuti maso anga alibe vuto. Izi tinkazidziwa kale, poti ine ndinkaona mbozi pa tsamba la fodya aliyense asanaione. Anthu ena anati ndinalodzedwa. Amayi anangoseka nati, ndani angataye mankhwala ake kulodza mwana wa tenanti?

Abambo sankalankhula zambiri. Pamene chaka chinkayamba anandiitana nati, "Edina, chaka chino chikakanikanso, basi. Manja ako tikuwafuna kuno." Sananene mokalipa. Ananena ngati mmene ankanenera kuti mvula ibwera mawa, ndipo ine ndinadziwa kuti mawuwo sadzabwezedwa.

Mvula ili mkati, kusukulu kunabwera mlendo pa njinga yamoto. Anali mayi wamfupi, wonenepa, wa nsapato zakuda, dzina lawo Mayi Nyirenda. Anali mphunzitsi wophunzira za ana amene amavutika kuphunzira, ndipo ankayendera sukulu zonse za m'dera lathu yekha. A Mwale atandiitana kuti, "Edina, akufuna iwe," mtima unagunda, poti ine ndikaitanidwa ku ofesi kunkakhala kuli chikwapu.

Anandikhazika pa mpando, osati pansi. Anatulutsa m'chikwama mwawo timatabwa ta makona, zithunzi ndi makadi. "Pano palibe kukhoza, palibe kulakwa," anatero. "Ndikungofuna kuona mmene mutu wako umagwirira ntchito." Chichewa chawo chinali chokoka, cha kumpoto.

Anayamba ndi kundinong'oneza ali kumbuyo kwanga kuti aone ngati ndimamva. Kenako anandiuza kankhani ka mayi wina amene anataya nkhuku pa msika, nati ndikabwereze. Ndinakabwereza konse, mpaka mtundu wa nkhukuyo. Anandionetsa chithunzi cha timatabwa tosanjidwa mokhotakhota, nati ndisanje tanga chimodzimodzi. Ndinasanja iwo asanamalize kulemba. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, nandipatsa china chovutirapo, ndipo nacho ndinachitha. Kwa nthawi yoyamba pa sukulu ija ndinamva kukoma kwa kufunsidwa chinthu chimene ndikuchidziwa.

Kenako zinasintha. Anati ndinene manambala amene atchula, koma ndiyambire kumapeto. Anandisokonekera. Anati nditchule liwu lakutilakuti, kenako ndilitchulenso nditachotsa phokoso loyamba. Ndinkalimva liwulo lonse lathunthu ngati mwala, ndipo sindinkaona pamene ndingalidule. Atatulutsa makadi a zilembo, thukuta lija linayamba, ndipo ndinayamba kulira kopanda mawu. Ndinkadikira kuti ausa moyo ngati mmene akulu onse ankachitira akafika nane pamenepa. Iwo anangotembenuza makadiwo, nadikira mpaka nditatonthola.

"Edina, ndimvetsere," anatero. "Iwe sindiwe wopusa. Alipo ana ambiri onga iwe. Makutu amamva, maso amaona, nzeru zilipo zochuluka, koma kulumikiza chilembo ndi phokoso lake kumawavuta. Si ulesi, si ufiti. Ilipo njira ina yophunzitsira ana otere, ndipo ine ndimaidziwa."

Anandifotokozera kuti tsiku limenelo tangoyamba chabe. Kuti amalize kundiyeza, ankayenera kuonana ndi amayi, awafunse za kubadwa kwanga, za malungo amene ndinadwalapo ndili khanda, za nthawi imene ndinayamba kulankhula. Makolo akavomera, ndizikapita masiku ena ku chipinda chapadera pa sukulu yaikulu ya m'dera, ndipo iwo akalankhula ndi ahedi kuti mayeso ena azindifunsa pakamwa. Potuluka anandigwira dzanja nati, "Yewo." Munthu wamkulu kuthokoza ine!

Ndinathamanga njira yonse. Ndinapeza amayi akusoka fodya woyamba wa m'munsi, singano ili m'manja, mng'ono wanga Limbani akuwakoka chitenje.

"Amayi, kwabwera mayi wina kusukulu. Wati sindine wopusa. Akufuna kuonana nanu."

"Nanga anati ndiwe wopusa ndani?" anatero osadzutsa mutu. "Tavula yunifolomuyo, undithandize apa."

Pofika mwezi wa February, fodya anapsa m'munda monse nthawi imodzi. Amene sanakhalepo pa esiteti sangamvetse zimenezi. Tsamba likapsa silidikira munthu. Ukachedwa limawonongekera pamtengo, ndipo chaka chonse chapita. Bwana amalemba dzina la bambo yekha, koma munda umene amapereka sungathe ndi manja awiri. Choncho nyengo yothyola ikafika, ana a matenanti tinkasowa kusukulu ngati tasamuka. Aphunzitsi ankadziwa, makolo ankadziwa, bwana ankadziwa, ndipo aliyense ankayang'ana kumbali. Ine ndinachonderera kuti ndizipitabe, poopa kuti mayi aja abwera ine kulibe. Abambo anangondilozera mulu wa masamba.

Panalinso lamulo lina, limene kapitawo wathu a Kamanga ankalibwereza chaka chilichonse. Masiku amenewo kunkayenda anthu oona ngati ana akugwiritsidwa ntchito m'minda ya fodya. A Kamanga ankasonkhanitsa matenanti onse nati, "Mlendo aliyense wobwera ndi chikwama, wofunsa za ana, inu mulibe ana. Anthuwa ndi ochenjera. Amabwera ngati a chipatala, ngati a mpingo, ngati aphunzitsi. Akapeza mwana pakhomo panu ali ndi utomoni wa fodya m'manja, bwana alowa m'mavuto, ndipo inu muchoka tsiku lomwelo. Fodya wanu atsala kuno." Sikunali kuopseza chabe. Tonse tinkalikumbukira banja lina limene linachoka chaka chapitacho, katundu pamutu, fodya wawo akulendewera m'chigafa. Choncho tikamva galimoto kapena njinga yamoto, ana tinkabalalika ngati anapiye aona kabawi. Kwa ife ana zinali ngati masewera.

Tsiku lina m'nyengo yothyolayo kunacha ndi mvula yowaza. Abambo anali kumunda, ine ndi amayi tikusoka pafupi ndi chigafa, chisakasa chachitali cha denga la udzu chimene timayanikamo fodya. Njinga yamoto inamveka kumsewu, kenako inakhotera kwathu.

"Lowa!" anatero amayi. "Tenga mwanayo, lowa mkati, usatsokomole!"

Anandikankha. Ndinakwawa ndi Limbani mpaka pakati pa chigafa, pamene masamba ankalendewera mothithikana kufika pafupi ndi pansi. Fungo la fodya wamuwisi linandilowa m'mphuno mpaka mutu kuzungulira. Ndinakhala chonjuta, dzanja limodzi pakamwa pa mwana. Kunja sindinkaona nkhope ya munthu, ndinkangoona mapazi.

Njinga inazima. Ndinaona nsapato zakuda, zodzaza matope.

"Odi kuno!"

Mawuwo ndinawazindikira nthawi yomweyo. Ndinatsala pang'ono kuyankha ndekha. Amayi analonjera mlendoyo, namuyalira thumba kuti akhalepo. Asanamalize n'komwe malonje, belu la njinga yakapalasa linalira, ndipo majombo a a Kamanga anabwera nadzaima pambali pa mapazi a amayi.

"Ndikufuna makolo a Edina, mwana wa Sitandade 3," anatero Mayi Nyirenda. "Aphunzitsi ake andilozera kuno. Papita nthawi asakuoneka kusukulu."

Ndinaona zala za kumapazi kwa amayi zikukanda dothi. Mayi ameneyu esiteti yonse inkamutchula kuti amake Edina. A Kamanga amene anaima pomwepo ankawaitana choncho m'mawa uliwonse.

"Kuno kulibe mwana wa dzina limenelo," anatero amayi.

"Kulibe?"

"Ana anga onse ali kumudzi, ku Phalombe."

Yunifolomu yanga inali pa chingwe pakhonde, pamene amayi anaiyanika atachapa. Ndikukhulupirira kuti Mayi Nyirenda anaiona, chifukwa atayambanso kulankhula anakweza mawu, ngati munthu wofuna kuti amve ndi amene sakumuona.

"Amama, ine sindine wa za ntchito. Ndine mphunzitsi. Sindinabwere kudzaona manja a mwana, ndipo sindilemba dzina la esiteti paliponse. Ndili ndi mafunso ochepa chabe oti ndikufunseni inuyo, mayi ake. Mwana ameneyu ali ndi nzeru kwambiri. Vuto lake lili ndi njira yake. Koma akapanda kuthandizidwa chaka chino, asiya sukulu, ndipo adzakula akuganiza kuti ndi chitsiru. Ndapota nanu."

Ndinayang'ana manja anga. Anali bii ndi utomoni mpaka m'zikhadabo. Ndinayesa kuwapukuta pa diresi, ndinawakhula pa mzati wa chigafa, ndinalavulira malovu n'kupukutanso. Utomoni wa fodya suchoka choncho. Umafuna sopo ndi mchenga. Miyendo inkafuna kuimirira. Panali mapazi ochepa chabe pakati pa ine ndi mayi amene ankadziwa njira ija. Koma ndikanatuluka, bodza la amayi likanaonekera pamaso pa kapitawo, manja anga akanaoneka, ndipo usiku umenewo tikanagona kumsewu. Limbani anayamba kuphiriphitha, ndipo ndinamufinya kwambiri mpaka misozi yake inanyowetsa dzanja langa. Yanga inkagwera pamutu pake.

"Mwamva, mayi, akuti kulibe," anatero a Kamanga. "Mwina mwasokera. Ma esiteti ndi ambiri kuno."

Nsapato zakuda zija zinaima nthawi yaitali osasuntha. Kenako Mayi Nyirenda anati dera lawo ndi lalikulu, njingayo ndi yobwereka, ndipo sakudziwa kuti mafuta adzapezekanso liti. Anati adzayesa kubweranso kusukulu chaka chisanathe. "Akabwera kuchokera ku Phalombeko," anatero pang'onopang'ono, "mumuuze kuti ndinamufunafuna."

Njinga inalira, phokoso linachepa, kenako linatha. A Kamanga anayamikira amayi kuti ndi munthu womvera, nakwera njinga yawo.

"Tuluka," anatero amayi.

"Amayi, ndi mayi aja! Ndi aja ndinakuuzani aja!"

"Ndamva."

"Ndiye bwanji mwa..."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo," anandidula. "Khala pansi, masambawa afota." Anatenga singano nayamba kusoka mofulumira kuposa kale, osandiyang'ana. Tinasoka mpaka madzulo.

Kuthyola kutatha ndinabwerera kusukulu. A Mwale anangopukusa mutu nati, "Unali kuti, iwe? Mayi Nyirenda anakufunafuna." Ndinafunsa ngati abweranso, iwo anati sakudziwa. Kuyambira pamenepo ndinkakhala kumapeto kwa kalasi, mbali yoyang'ana kumsewu. Njinga yamoto iliyonse ikamveka ndinkaimirira, ndipo anzanga anapeza choseketsa chatsopano, akuti Agogo akudikira chibwenzi. Ankadutsa ogula fodya, alangizi, abusa. Mayi Nyirenda sanabwere. Sindinadziwe ngati anasowa mafuta, kapena anasamutsidwa, kapena anandifufuta poganiza kuti makolo anga sakufuna.

Mayeso ndinalephera monga mwa nthawi zonse. Chaka chimenecho fodya sanagulidwe bwino, ndipo tinasamukira ku esiteti ina cha ku Lisasadzi. Abambo sanafunikire kubwereza mawu awo aja. Sukulu zitatsegulira, yunifolomu yanga anaipatsa mwana wa anansi athu atsopano, ndipo ine ndinatenga khasu.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Santhe. Ndinalowako sukulu ya kwacha nditakula, ndipo ndimawerenga pang'ono, chala chili pa mzere, ngati munthu wowoloka mtsinje pa mtengo. Nkhani iyi akulemba ndi mwana wanga wamkazi, ine ndikunena. Mwana wanga wachiwiri, Yamikani, atayamba kubwera kuchokera kusukulu akunena masamba athunthu pamtima koma osatha kuloza liwu limodzi, sindinadikire kuti wina andiuze. Ndinatseka benchi yanga, ndinayenda naye maofesi mpaka tinapeza mphunzitsi wodziwa kuyeza ana otere. Ndinaonanso timatabwa tija ndi makadi aja. Kenako mphunzitsiyo anatembenukira kwa ine nandifunsa za kubadwa kwa mwanayo, za malungo, za nthawi imene anayamba kulankhula. Mafunso ake anali amenewo basi. Sanatenge ngakhale nthawi yophikira ndiwo. Ndinayankha onse, kenako ndinatuluka panja kukalira, mphunzitsiyo n'kumadabwa kuti walakwitsa chiyani. Anati vutoli dzina lake ndi disilekisiya, ndipo limayenda m'magazi. Yamikani akuthandizidwa, ngakhale mphunzitsiyo amabwera mwa apo ndi apo, ndipo zilembo akulimbana nazobe.

Zaka zonsezi ndinkasunga chakukhosi ndi amayi, koma ndinkadzitonthoza kuti ananamizidwa. Ndinkati a Kamanga anawaopseza, ndipo iwo, munthu wosaphunzira, anaganiza kuti mlendo uja ndi kazitape. Chaka chatha amayi anabwera kudzakhala nane chifukwa cha miyendo, ndipo tsiku lina tikusankha tomato ndinawafunsa.

"Amayi, mukanadziwa kuti mayi aja analidi mphunzitsi, mukananditulutsa m'chigafa muja?"

Sanafunse kuti mayi ati. Anaika tomato pansi.

"Ndinadziwa," anatero. "Unali utandiuza kale iwe. Ndipo munthu wonama salankhula muja. Koma kapitawo anali ataima pomwepo, fodya yense ali m'chigafa, chimanga cha phoso chochokera kwa bwana tisanalandire. Ndikanati mwana alipo, madzulo ake bwana akanamva. Ndikanakudyetsani chiyani pamsewu? Mayi aja akanabweranso mawa lake, mwana wanga, ndikanakubisanso."

Ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira. Kale ndinkaganiza kuti chimene chinandichotsa kusukulu ndi umbuli, kuti anthu akanangodziwa dzina la vuto langa zonse zikanakonzeka. Tsopano ndikudziwa kuti tsiku lija panalibe mbuli. Mayi Nyirenda ankadziwa kuti ndili pafupi, amayi ankadziwa kuti mlendoyo akunena zoona, ine ndinkadziwa kuti mwayi wanga ukupita, ndipo palibe mmodzi wa ife amene akanatha kusuntha. Kuyeza mwana ndi chinthu chabwino, ndaona ndi maso anga. Koma mwana wa tenanti sayezedwa yekha. Kumbuyo kwake kuli njala ya banja lonse, ndipo njalayo ndi imene imayankha mlendo akagogoda.

Ndinayang'ana Yamikani, amene anali pakhonde akulondola zilembo ndi chala, milomo ikugwedezeka. Ndinadzifunsa kuti ndikanakhala ine pa esiteti paja, kapitawo ataima pambali panga, ana enawa akudikira chakudya, ndikanatani naye. Yankho linabwera msanga kuposa mmene ndinkafunira, ndipo sindinaliuze aliyense mpaka lero. Nanenso ndikanati kuno kulibe mwana wa dzina limenelo.